Pisitola ikakana, musathamangire kunamizira mtengo

"Inakana chifukwa ndi yotchipa." Mawu amenewa amamveka kwa alonda a ku Moatize popatsirana ntchito, amamvekanso kwa amalonda a mbatata ndi fodya a ku Angónia ndi Tsangano amene ali ndi chilolezo chosunga pisitola. Kunena zoona, atopetsa. Taurus ya ku Brazil, Canik kapena Tisas ya ku Turkey, ngakhale Norinco ya ku China, ikatuluka m'fakitale imakhala mfuti yeniyeni. Ndalama imene mwapulumutsa yachoka pa utoto woteteza dzimbiri, pa kusalala kwa chowombera, ndi pa kuunika kwa fakitale, kotero yolakwika imatha kudutsa osagwidwa. Zimenezo n'zoona. Mu 2015 Taurus inavomera ku America kulandiranso mitundu ina ya pisitola zake zakale zimene ogula anadandaula kuti zimalira zikagwa pansi. Koma pisitola zambiri zimene zimakana m'manja mwa anthu kuno, vuto lake lili m'magazini (kabokosi kamene mumakhala zipolopolo), m'zipolopolo, m'mafuta kapena m'dzanja la mwini wake.

Ntchito yeniyeni ya pisitola tsiku ndi tsiku ndi kungokhala. Imakhala m'chiuno n'kumamwa thukuta la Okutobala, mzinda wa Tete ukutentha kupitirira madigiri 40. Imadya fumbi la malasha, kapena chinyezi cha nkhungu ya ku Ulongué mwezi wa Juni. Si yosakira nyama, si yothamangitsira mvuu m'dimba la m'mbali mwa Zambezi, ndipo si yoombera kumwamba pa Chaka Chatsopano, popeza chipolopolo chokwera chimatsika ndithu pamutu pa wina. Ndi yodzitetezera pafupi, mamita 5 kapena 10, tsiku limene mwina silidzafika n'komwe. Choncho funso loyenera ndi ili: itakhala miyezi isanu ndi umodzi osalira, idzalira?

Yambani ndi magazini. Pamwamba pake pali milomo iwiri ya chitsulo chopyapyala imene imagwira chipolopolo kuti chiloze bwino polowera. Magazini ikagwa pa simenti kamodzi kokha, mlomo umodzi ungapindike pang'ono kosaoneka ndi maso, ndipo chipolopolo chimayamba kugunda mphuno pansi m'malo molowa. Lembani manambala pa magazini anu, 1, 2, 3, ndipo mfuti ikakana lembani nambala imene inalimo. Kukanako kukamatsatira magazini imodzi, mlandu watha. Ichotseni pa ntchito. Osaiwongola ndi pulayala, chifukwa simungabwezere muyeso wa fakitale ndi maso. M'kati mwa magazini muzikhala mouma, mopukutidwa ndi nsalu basi.

Za zipolopolo ndiye zimandidabwitsa. Munthu amanena kuti "yanga ndi ya 9", kutanthauza zipolopolo za mamilimita 9, ngati kuti 9 ndi mmodzi. Pali 9x19, pali 9x18 ya Makarov (pisitola ya ku Soviet Union), palinso 9x17 imene ena amaitcha .380. Chipolopolo cha Makarov n'chonenepa, pafupifupi mamilimita 9.27, pamene cha 9x19 ndi 9.01. Kulowa si umboni woti n'chake. Werengani zimene zadindidwa pa mfuti, werenganinso pansi pa chigoba cha chipolopolo, zikasiyana musayese.

Ndiye pali zotsala za nkhondo imene inatha mu 1992, zofukulidwa kapena zosungidwa m'denga zaka makumi atatu. Zina sizilira, zina zimachedwa kulira. Zakale za ku Soviet Union ndi China zambiri zimasiya mchere mu mpope wa mfuti zikalira, mcherewo n'kumakoka chinyezi, ndipo pakangopita masiku ochepa m'kati mwachita dzimbiri. Mafuta sasungunula mchere. Amene amautsuka ndi madzi otentha, kenako kuumitsa bwinobwino, mafuta pomaliza.

Koma chimene makampani a alonda ayenera kumvetsa ndi ichi. Pa kusinthana kulikonse, mlonda amatulutsa chipolopolo chimene chinali m'chipinda cha mpope, n'kuchibwezera pamwamba pa magazini, ndipo wolandira ntchito amachilowetsanso. Chomwecho, m'mawa ndi madzulo, miyezi. Nthawi iliyonse mphuno yake imagunda chitsulo polowa, ndipo pang'onopang'ono mutu umamira m'chigoba. Malo a wonga akachepa, mphamvu ya kuphulika imakwera kupitirira imene mfuti inapangidwira, chigoba chimatha kung'ambika, magazini kutulukira pansi, dzanja kupsa. Mankhwala oyatsira a kumbuyo kwa chigoba nawonso amatha kuyoyoka ndi kugundagunda, chipolopolocho n'kukhala chakufa. Kuyesa kwake n'kosavuta: imikani chipolopolo chokayikitsacho patebulo pafupi ndi chatsopano cha m'bokosi lomwelo. Chikafupika, ngakhale pang'ono, chibwezeni kosungira zida, chisaombedwe. Ndipo musazisiye m'galimoto yoima padzuwa tsiku lonse. Kutentha kumakalambitsa wonga.

Mafuta. Ophikira amasanduka ulimbo, oilo wakuda wotsala m'injini amabwera ndi zinyalala zake, girisi wambiri amagwira fumbi n'kupanga phala. Pisitola imafuna madontho anayi kapena asanu a mafuta a mfuti: m'ngalande momwe chitsulo chapamwamba, slide ija, imatsetserekera, ndi kunja kwa mpope. Momwe mumayenda kamsomali komenya chipolopolo musalowe dontho ndi limodzi lomwe. Pa Makarov kamsomali kameneka kalibe sipuling'i yokabweza, ndiye litsiro likakagwira katatuluka, mfuti ingalire pongotseka slide. Pobwezera sipuling'i yaikulu ya Makarov, mbali yothina ndiyo imayamba kulowa pa mpope. Kuno kwathu pukutani mfuti sabata iliyonse ngakhale isanalire, makamaka mbali yogunda thupi, ndipo kandani ndi burashi pansi pa kambedza kamene kamakoka chigoba.

Chigoba chikatsakamira pakhomo chili chiimire, yang'anani dzanja lanu kaye. Slide imafuna chimango cholimba kuti ibwerere mokwanira, ndipo mkono wolobodoka umameza mphamvuyo. Mpatseni mnzanu wodziwa aombe ndi magazini yomweyo. Ikalira bwino kwa iye, yankho mwalipeza.

Kukhulupirika sikulembedwa pa risiti. Alangizi ambiri amafuna zipolopolo 200 motsatizana popanda kukana asanayambe kuidalira mfuti yatsopano. Kuno zipolopolo n'zodula ndipo lamulo limaika malire, komabe magazini iliyonse ithe yodzaza kawiri pa malo ovomerezeka oombera, ndi zipolopolo zomwezo zimene mudzanyamule. Amene sanachite zimenezi sadziwa chimene wanyamula, kaya anagula modula kaya motchipa.

Tsopano nkhani imene siichoka m'mutu mwanga, chifukwa lipoti lake linalembedwa kuti "mfuti inalira yokha". Mlonda akupereka ntchito m'mawa, tulo tili m'maso. Anakoka slide, chipolopolo chinadumpha n'kugwa pansi, iye n'kuchiona ndi maso ake. Kenako anachotsa magazini. Pokhulupirira kuti yatsala yopanda kanthu, anakoka chowombera kuti "aipumitse", mfuti italoza pansi chakutsogolo kumene mnzake anawerama akutola chipolopolo chija. Chinamulowa m'ntchafu.

Palibe chimene chinathyoka pa mfutiyo. Slide pobwerera inatola chipolopolo chachiwiri m'magazini imene inali idakalimo, monga inapangidwira. Ikanakhala yodula kasanu ikanachita chimodzimodzi. Anangotembenuza ndondomeko. Magazini imayamba kutuluka. Kenako kokani slide katatu, itsekereni kumbuyo, suzumirani m'chipinda, lowetsanimo chala chaching'ono, chifukwa m'bandakucha maso amanama. Zonsezi mfuti italoza mu mgolo wa mchenga, chala cholozera chili kunja. Kampani imene ili ndi ndalama yogulira mfuti koma ilibe mgolo wa mchenga pakhomo la alonda, a bwana ake afunsidwe. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti lipoti lonamizira mfuti linatseka nkhani, ndipo alonda otsalawo sanaphunzitsidwe kanthu.

Wovulala uja anachedwanso naye, anthu akukambirana zoti akanene chiyani kupolisi. M'ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu umene ungamalize munthu m'mphindi zochepa. Kanikizani pabala ndi mphamvu zonse. Magazi akamathovoka osaleka, mangani zolimba masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, lembani nthawi, musamasule, thamangani naye ku Hospital Provincial de Tete, ku chipatala cha ku Ulongué, kapena chilichonse chapafupi. Bala looneka laling'ono pamimba kapena pachifuwa limakha magazi m'kati. Wokuuzani kuti azula chipolopolo kunyumba ndi lezala ndi mankhwala azitsamba akufuna kukupherani m'bale. Madokotala enieniwo nthawi zina amachisiya momwemo dala.

Tifike kwa amisiri a pansi pa mtengo. Munthu akadziwa kuwotcherera njinga sindiye kuti wadziwa mfuti. Mukamuuza kuti slide ikulimba, amadula sipuling'i. Pa pisitola za mamilimita 7.65 ndi Makarov, sipuling'iyo pamodzi ndi kulemera kwa slide ndizo zokha zimene zimatseka kumbuyo pamene wonga ukuyaka, ndiye mukaifupikitsa slide imamenya chimango mpaka kuching'amba, kapena siitseka mpaka kumapeto. Mukamuuza kuti chowombera n'cholemera, amatenga tupa n'kupala tizitsulo togwirana m'kati, kuchotsa khungu lolimba la pamwamba. Lero chafewa, mwasangalala. Mawa mfuti ikulira ikangogunda pa chitseko cha galimoto. Sipuling'i yotopa imasinthidwa ndi yatsopano ya mtundu womwewo, pa mfuti zambiri pakati pa zipolopolo 3,000 ndi 5,000, ndipo china chilichonse choposa kutsuka ndi ntchito ya mmisiri wa zida wovomerezeka.

Palinso kutchipa kwina kumene sindikuteteza ngakhale pang'ono. Pisitola zoliza phokoso chabe, monga za Ekol ndi Zoraki, zambiri n'zopangidwa ndi chitsulo chofewa cha zinki. Wina akazisintha kuti ziponye chipolopolo, zimaphulikira m'manja, slide n'kubwerera kumaso. Pisitola yakale ya Tokarev yofukulidwa m'munda ilibe loko weniweni woletsa kulira, ndipo ikagwa ili ndi chipolopolo m'chipinda ingalire. Dzimbiri la m'kati simuliona, ndiponso simudziwa mlandu umene inapalamula isanafike kwa inu. Kuyambira 1995, bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linkasinthanitsa zida zoterezi ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mukaipeza lero, osaikhudza, itanani apolisi a PRM. Malamulo a zida ndi zipolopolo a Decreto 8/2007 amafuna chilolezo, ndipo nkhani yake imayambira kupolisi, osati kuseri kwa msika. Chilolezocho chimathera pa malire: pa Zóbuè, pa Calómuè kapena pa Cassacatiza, kungodutsa nayo kupita ku Mwanza, ku Dedza kapena ku Zambia ndi mlandu, ngakhale mukungokaona amalume.

Zakunyumba sinditaya nazo nthawi. Mfuti yopanda chipolopolo m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo kwina, kiyi m'thumba mwanu. Pamwamba pa kabati ndi pansi pa matiresi ana anafikapo kale.

Kukana kuwiri kokha ndiko kumapha woombayo ngati apupuluma. Mukakoka chowombera pophunzira n'kumva "kete" basi, musatembenuze mfuti kuti muisuzumire. Ilozeni komweko masekondi 30, chifukwa chipolopolo chakale chimatha kuyaka mochedwa, kenako chitulutseni. Kwachiwiri ndi kulira kofooka, "phu" m'malo mwa kuphulika, mfuti osakankha dzanja, mwina chigoba osatuluka. Imani pomwepo. Mutu wa chipolopolo watsala pakati pa mpope, ndipo chotsatira chikaupeza mpope umatupa kapena kung'ambika. Chotsani magazini, tsekerani slide kumbuyo, pasulani mfuti, unikani mu mpope kuchokera kumbuyo. Kuwala kukapanda kuoneka, kapena mukaona mphete yakuda m'kati, kapena chala chikamva chotupa kunja, mfutiyo isalirenso mpaka mmisiri wovomerezeka ataiona, ndipo bokosi lonse la zipolopolo zimenezo liikidwe padera.