Mkangano wa ku Tulane pambuyo pa namondwe wa Katrina

Pa 27 Ogasiti 2005, ophunzira atsopano anali kulowetsa katundu wawo m'nyumba zogona pa yunivesite ya Tulane mumzinda wa New Orleans ku America, pamene mtsogoleri wa yunivesiteyo, a Scott Cowen, anawauza kuti achoke mumzindamo chifukwa namondwe wa Katrina anali pafupi. Patatha masiku awiri namondweyo anafika, zipupa zotchinga madzi zinagumuka, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mzindawo inamira. Tulane inatseka teremu yonse, ndipo inataya chuma choposa madola 600 miliyoni.

A Cowen ndi anzawo anayendetsa yunivesiteyo ali mumzinda wa Houston. Anagwirizana ndi masukulu ena ambiri kuti alandire ophunzira awo ngati alendo kwa teremu imodzi, fizi n'kumapitabe ku Tulane. Nzeru imeneyi inathandiza kwambiri, pakuti yunivesite imene ophunzira ake amwazikana osabwerera imatha ngakhale nyumba zake zikonzedwe. Mu Januwale 2006 zipata zinatsegulidwanso ndipo ophunzira ochuluka zedi anabwerera.

Mkangano unabuka pa ndondomeko yokonzanso yunivesite imene akuluakulu analengeza mu Disembala 2005. Atanena kuti chuma chafika pangozi, anachotsa ntchito aphunzitsi pafupifupi 200, ambiri a ku sukulu ya zachipatala, ndipo ena mwa iwo anali ndi ntchito yokhazikika imene mwamwambo siithetsedwa wamba. Maphunziro angapo a uinjiniya anathetsedwa. Koleji ya akazi ya Newcomb, imene mayi Josephine Louise Newcomb anaikhazikitsa mu 1886 pokumbukira mwana wawo Sophie, inaphatikizidwa ndi koleji ya amuna. Abale a mayiwo anakasuma ponena kuti chifuniro cha wopereka chuma chaphwanyidwa, koma makhoti anakomera yunivesite. Mu 2007 bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite la AAUP linadzudzula Tulane chifukwa cha momwe inachotsera aphunzitsi.

Oikira kumbuyo a Cowen amati panalibe nthawi yokhalira misonkhano yaitali pamene malipiro a antchito anali kudikira ndipo tsogolo la mzinda silinkadziwika. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo n'zoona kuti Tulane inadzuka, mpaka inakhazikitsa lamulo loti wophunzira aliyense azigwira ntchito yothandiza anthu asanalandire digiri. Komabe ine ndikuona kuti odandaula anali ndi chifukwa chomveka. Kupulumutsa anthu ndi kukonza nyumba kumafuna changu, koma kusankha maphunziro oti athe ndi nkhani ya zaka zambiri zam'tsogolo, ndipo inagamulidwa aphunzitsi ambiri akadali obalalika m'mizinda ina, asanabwerere kudzanena maganizo awo.