Amene muli ku America: thandizo la ochitiridwa nkhanza lilipo, musadikire

Uthengawu ndi wa abale athu amene muli ku America, kaya ku South Bend kaya ku Texas kaya kuti, makamaka inu amene mwagwiriridwa, mukumenyedwa pakhomo, kapena mukusunga m'bale amene zamuonekera. Tiyambe ndi za thupi chifukwa zimenezi sizidikira.

Munthu akagwiriridwa pali maola 72 basi oti ayambe mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo akayamba amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mukafika msanga bola, osati kudikira tsiku lachitatu ayi. Mapiritsi oletsa kutenga mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka masiku 5 koma nawonso mphamvu yake imanka ichepa. Kuchipatalako amapatsanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, komanso katemera wa hepatitis B ngati simunabayitsepo. Ngati mungathe musasambe kaye, musatsuke mkamwa, zovala zija muike mu pepala osati mu jumbo chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi nkuononga umboni. Koma olo mwasamba kale pitanibe, mankhwala aja akufunikabe. Zipatala zina zili ndi manesi ophunzira za zimenezi, amawatcha SANE, mukafika ku emergency afunseni ngati alipo.

China chomwe anthu timachipeputsa ndi kukanyangidwa pakhosi. Munthu amati "aa sindinavulale, palibe chikuoneka", koma mitsempha yopititsa magazi ku ubongo imatha kuonongeka mkati osaoneka kunja, vuto nkudzatulukira patapita masiku. Mawu akasasa, kumeza kukamapweteka, mutu ukamazungulira, kapena ngati munakomoka olo pang'ono, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mwamuna amene wafika pogwira pakhosi ndi woopsa kwambiri, apa nkhani ya ankhoswe isakuchedwetseni.

Ndiye ambiri amaopa bilu, poti chipatala cha kuno tonse tikuchidziwa. Lamulo la Violence Against Women Act, la 1994 lomwe akhala akuliwonjezera, limati kupimidwa kotenga umboni wa kugwiriridwa kusamalipitsidwe kwa wogwiriridwayo, ndipo sakukakamizani kukanena ku polisi kaye kuti akupimeni. Mankhwala ena zimatengera state yomwe muli, ndiye funsani za victim compensation, ndalama zothandizira ochitiridwa milandu kulipira mabilu ngati amenewa, state iliyonse ili nayo. Za mapepala nazonso pali njira, U visa ya ochitiridwa milandu ina omwe athandiza apolisi, komanso mwayi woti mkazi kapena mwamuna wozunzidwa ndi mnzake amene anakwatirana naye yemwe ndi nzika kapena ali ndi green card adzilembere yekha mapepala mnzakeyo osadziwa. Izi kambiranani ndi loya wa za immigration, osati kumva za pa gulupu ya WhatsApp.

Nanga ndalama zoyendetsera zonsezi zimachokera kuti? Izi nzofunika kuzidziwa chifukwa ndi zomwe zimapangitsa kuti foni ya usiku iyankhidwe kapena ingolira. Mu 1984 anakhazikitsa lamulo la Victims of Crime Act, ambiri amangoti VOCA, lomwe linatsegula thumba la Crime Victims Fund. Si ndalama za msonkho, ndi zindapusa zomwe anthu ndi makampani opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu amalipira. Vuto lake ndi lomwelo, chaka china kampani yaikulu ikalipitsidwa thumba limadzadza, chaka china kuli gwaa. Mu 2021 anakonza lamuloli kuti ndalama za milandu yomwe yathera pa mgwirizano osafika pa chigamulo nazo zizilowa m'thumbamo, komabe mu 2024 ndalama zopita ku ma state zinadulidwa pafupifupi 40 peresenti. Malo obisalirako amayi, malo ofunsirako ana ogwiriridwa, alangizi, onse anagwedezeka. California inachita kutapa madola 103 miliyoni mu bajeti yake chaka chimenecho kuti itseke dzenjelo.

Apa ndi pomwe pakubwera nkhani ya ndalama zotsala. Ma state ambiri chaka chawo cha bajeti chimatha pa 30 June, ndipo mwachizolowezi ndalama yomwe ofesi sinagwiritse ntchito pofika tsikulo imabwerera ku thumba lalikulu la state, kukapikisana ndi misewu ndi zina zonse. Koma nyumba ya malamulo ya state itha kulemba kuti ndalama yakutiyakuti isabwerere, idutsire chaka chotsatira ikhalebe ya ntchito yomweyo. Ena amati nanga ngati yatsala si ndiye kuti sinkafunika? Ayi ndithu. Ndalama zimatsala chifukwa kontrakiti inasainidwa mochedwa, kapena nesi wa SANE anasiya ntchito ndiye papita miyezi asanapeze wina woti amuphunzitse, kapena bungwe linagwiritsa kale ntchito ndalama zake likudikira kubwezeredwa mapepala akadali mu ofesi. Ukazilanda pa 30 June ndiye kuti bungwe lija liyamba July lili chimanjamanja, ndipo choyamba kuchepetsedwa nthawi zambiri ndi antchito, pomwe munthu wogwiriridwa pa 1 July maola ake ndi 72 omwe aja. Ine ndimaona kuti lamulo lotere ndi lanzeru, silipempha ndalama yatsopano olo dola imodzi, bola pakhale malipoti oonetsa kuti yotsalayo yapitadi kwa anthu osati ku ma workshop.

Amene muli nzika mumavota, nkhani zimenezi zikamakambidwa ku nyumba ya malamulo ya state yanu mutha kuimbira kapena kulembera phungu wa dera lanu, amawerenga.

Manambala ndi awa. Ngati moyo uli pachiswe pompano, 911. Za nkhanza za m'banja, National Domestic Violence Hotline pa 1-800-799-7233, kapena tumizani mawu oti START ku 88788 ngati simungathe kuyankhula mokweza. Za kugwiriridwa, RAINN pa 1-800-656-4673. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, 988. Onsewa ndi aulere, usana ndi usiku, ndipo Chingerezi chikakuthawani ndi mantha pemphani womasulira. Ngati foni yanu amaigwiragwira, imbani pa ya mnzanu wa kuntchito kapena mufufute nambala mukamaliza.