Mizere iwiri imene imatukula batani pa sikirini

Mwezi wathawu mayi wina wogulitsa mu shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe anandiimbira foni kuti pulogalamu yawo yolembera katundu yasiya kugwira ntchito. Nditafika ndinapeza kuti ikuyenda bwinobwino. Mayiwo ankadina pa mawu akuti "Mtengo wonse" n'kumadikira risiti, koma palibe chinkatuluka. Sanalakwe ayi. Amene anapanga fomu ya pa sikirini ya pulogalamuyo anaika mawuwo m'kabokosi kotukuka ngati batani, pomwe batani lenileni losindikizira risiti analisiya lafulati, losasiyana ndi mawu ena onse. Dzanja la mayiwo linkangotsatira zimene maso anauzidwa.

Sikirini ndi galasi losalala, palibe chotukuka kapena cholowa mkati. Chimene chimanyengerera diso ndi mizere yopyapyala ya m'mphepete mwa chinthucho. Taonani chitseko cha mapanelo chimene akalipentala a ku Ndirande amakhoma, makamaka m'mawa dzuwa likuchiwomba cham'mbali. Mphepete imene yayang'ana dzuwa imawala, inayo imada, ndipo popanda kuchikhudza mumadziwa pamene thabwa latukuka ndi pamene lasemedwa. Maso athu anazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, kaya ndi dzuwa kaya ndi babu la kudenga. Opanga Windows anatengera zomwezo, n'kukhazikitsa kuti pa sikirini kuwala kuzikhala ngati kukuchokera kumtunda chakumanzere.

Ndiye batani lotukuka limapangidwa chonchi: mzere woyera pamwamba ndi kumanzere, mzere wakuda pansi ndi kumanja. Mukasinthanitsa, wakuda pamwamba ndi kumanzere, woyera pansi ndi kumanja, bokosi lomwelo limaoneka ngati dzenje. Basi, palibenso matsenga ena. Mu Windows 95, imene inatuluka mu 1995 ndi kufalitsa maonekedwe amenewa dziko lonse, nkhope ya batani inali yotuwa, ya manambala 192, 192, 192 pa mitundu itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, imene kompyuta imasakaniza (0 ndi kuda bii, 255 ndi kuwala kotheratu). Mzere wowala unali pa 255, mthunzi wamkati pa 128, wakunja pa 0, ndipo mzere uliwonse unali wa pixel imodzi yokha, kutanthauza kadontho kamodzi ka pa sikirini. Chimene chimandisangalatsa mpaka lero n'chakuti mukadina batanilo, mawu a pamwamba pake amasuntha ndi pixel imodzi kutsika ndi imodzi kupita kumanja. Kusunthako n'kochepa kwambiri moti ambiri sakuona, koma chala chimakhulupirira kuti chakanikizadi kanthu.

Kuno ku Blantyre mafomu ambiri amene ndimakumana nawo m'mashopu, m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono anapangidwa ndi Microsoft Access, pulogalamu yosungira ndi kulembera zinthu m'mafomu, choncho ndikhalitse pamenepo. Mu Access, bokosi kapena mawu a pa fomu ali ndi malo otchedwa Special Effect, ndipo pali zosankha 6. Flat ndi chafulati. Raised n'chotukuka, Sunken n'cholowa mkati. Etched ndi kamzere kooneka ngati kangalande kozokotedwa mozungulira, chifukwa mzere wakuda ndi woyera aikidwa mogundizana. Shadowed imaika mthunzi pansi ndi kumanja. Chiseled ndi mzere umodzi wosemedwa kunsi kwa bokosi, ngati polemba dzina pa fomu ya pepala. Pali msampha umene umagwira ongoyamba kumene: mukasankha Raised, mtundu ndi kunenepa kwa mzere kumene munaika poyamba sikugwiranso ntchito, ndipo mukabwerera kukasintha mzerewo, Access ikhoza kubwezera bokosilo ku Flat osakuuzani. Ndaonapo anyamata akutaya masana onse kufufuza kumene kutukuka kwa bokosi lawo kwathawira.

Zida zina zopangira mapulogalamu zili ndi zomwezi m'mayina ena. Mu Delphi muli BevelOuter ndi BevelInner, chimodzi cha mphepete yakunja china cha yamkati, ndipo mukaika yakunja yolowa, yamkati yotukuka, mumapeza kangalande kaja. Olemba Python ndi Tkinter amasintha relief kukhala raised, sunken, groove kapena ridge. Amene amalemba mapulogalamu molunjika ku Windows amagwiritsa ntchito lamulo lojambula mphepete lotchedwa DrawEdge. Amene akujambula yekha mizereyi ndimamupempha kuti mitundu azitenga ku Windows m'malo molemba manambala ake. Munthu wa maso ovuta akasintha kompyuta yake kuti mitundu izisiyana kwambiri, mizere yanu isinthe nawo.

Mthunzi uli ndi uthenga wakewake, ndipo pano m'pamene ambiri amasokoneza. Olemba zikwangwani za magolosale ndi ma saluni ku Limbe ndi ku Bangwe amaudziwa bwino: amalemba chilembo, kenako n'kuchitsatiza ndi utoto wakuda mbali imodzi yokha, ndipo chilembocho chimaoneka ngati chayandama pamwamba pa khoma. Mlembi waluso saika mthunzi wa chilembo china kumanja, wa china kumanzere. Pa sikirini mthunzi sukunena kuti "ndidineni". Ukunena kuti "ndili pamwamba pa zinazi". Malo ake ndi pa mndandanda wotsika mukadina, kapena pa kawindo kofunsa ngati mukufunadi kufufuta. Mukaupatsa bokosi lililonse, fomu yonse imayandama ndipo diso limasowa poyambira.

Ine ndimagwira ntchito motere. Chotukuka n'chodina. Cholowa mkati n'cholembamo, ndipo mkati mwake muzikhala moyera. Kangalande n'kozungulira zinthu zoyendera limodzi, monga dzina, foni ndi adiresi ya kasitomala. Mawu ongowerenga, ngakhale akhale ofunika chotani, akhale afulati. Ngati mukufuna aoneke, akulitseni kapena anenepetseni zilembo.

Ena adzati zonsezi n'zachikale, ndipo n'zoona kuti fasho inasintha. Windows 8 inabwera mu 2012 ndi matailosi afulati, Apple inachita chimodzimodzi ndi iOS 7 ya pa mafoni ake mu 2013. Koma mu 2014 Google, potulutsa Material Design, ndondomeko yake ya maonekedwe a mapulogalamu, inabwezeretsa mithunzi kuti izionetsa chimene chili pamwamba pa chinzake. Sindidana ndi maonekedwe afulati, pa foni yabwino amakongola. Nkhawa yanga ili pa kompyuta ya pa kauntala, ya sikirini yakale yokutidwa ndi fumbi la simenti, imene masana dzuwa lolowera pakhomo limaiwomba. Pamenepo kamzere kotuwa pang'ono kozungulira bokosi loyera kamazimirira, ndipo wogulitsa, amene kutsogolo kwake kuli mzere wa anthu, amayamba kudina mongoyerekeza. Vuto lina lili ku malaputopu atsopano a sikirini zosalala kwambiri, kumene pixel imodzi ndi yaing'ono moti mzere wake suoneka. Kumeneko mzere uyenera kukula mogwirizana ndi kukula kwa zilembo. N'chifukwa chake fomu ndimakaiyesera pa kompyuta imene izigwirirapo ntchito, pa nthawi imene anthu amakhala ambiri.

Ku Limbe kuja ntchito inatenga mphindi zosakwana 20. "Mtengo wonse" ndinaubwezera ku Flat n'kuukulitsa zilembo, mabokosi a kuchuluka kwa katundu ndi mtengo ndinawaika pa Sunken, ndipo pamalo pa batani lafulati lija ndinaikapo batani lotukuka. Sindinawafotokozere mayiwo zimene ndasintha, ndinangowapempha kuti alembe katundu wa kasitomala wotsatira. Anali bambo wogula matumba 3 a simenti ndi misomali. Mayiwo analemba, dzanja linapita lokha pa batani, risiti n'kutuluka.