Mkodzo wofiira si chifukwa chosiyira mankhwala a TB

Ndatopa kumva odwala akunena kuti, "Adokotala, mankhwala aja amandikodzetsa magazi, ndiye ndinasiya." Si magazi ayi. Mwa mankhwala anayi amene ali m'piritsi la miyezi iwiri yoyamba, rifampicin ndi amene amafiiritsa mkodzo, thukuta ngakhalenso misozi, ndipo zimenezi sizivulaza munthu. Zimene ziyenera kukuthamangitsirani kuchipatala tsiku lomwelo ndi maso achikasu, kusanza kosalekeza, zidzolo thupi lonse kapena kuona mwachimbuuzi. Koma kuno ku Salima zimachitika mosemphana: wa mkodzo wofiira amasiya mankhwala, pamene wa maso achikasu, amene chiwindi chake chili pangozi, amayamba wapita kwa sing'anga, mwinanso akupitiriza kumwa kachasu.

Mankhwalawa ndi a miyezi 6, tsiku lililonse, makamaka m'mamawa musanadye. Chifuwa chimaleka msanga ndipo thupi limabwerera, koma tizilombo timakhala tisanathe.

Pali msodzi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anamwa mankhwala mokhulupirika mpaka mwezi wachitatu, sikelo ikukwera, mkazi wake akumuyang'anira bwino. Usipa utayamba kuphedwa cha ku Nkhotakota, anatsatira anzake osatsanzika kuchipatala, ndipo mapiritsi atamuthera kudoko sanapitenso kukatenga ena. Chifuwa chitayambiranso, anagula makapisozi pamsika, a m'kapepala kopanda dzina, amene sapha tizilombo ta TB ngakhale pang'ono. Anabwera kwa ife kolala ya malaya ikumukhwepa, akulavula magazi m'kansalu, ndipo makina oyezera makhololo a GeneXpert anasonyeza kuti TB yake sikumvanso rifampicin. Mwana wake wamng'ono, amene ankagona naye chipinda chimodzi, anali atayamba kale kutsokomola. Chonsecho mankhwala a TB ndi aulere kuchipatala, ndipo akanangotiuza za ulendowo, tikanamulembera kalata yoti azikalandira kuchipatala chapafupi ndi dokolo. Amene akukugulitsani mankhwala a TB pa benchi, kapena akukuuzani kuti musiye a kuchipatala n'kumwa mizu, akukuikani pangozi inuyo ndi banja lanu lonse.

Chinanso chimene ambiri amabisa ndi mankhwala ena amene akumwa. Rifampicin amachititsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi mofulumira. Mayi amene akumwa mapiritsi olerera kapena ali ndi njira ya pamkono akhoza kutenga pakati mosayembekezera, choncho afunse za lupu kapena jakisoni, ndipo azigwiritsanso ntchito kondomu. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amafunika piritsi lina la dolutegravir la 50 mg patatha maola 12 atamwa ma ARV awo. Mukamabwera, tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mabotolo onse a mankhwala amene muli nawo kunyumba, ngakhale azitsamba, tiwaone ndi maso athu.