Minibasi ikayamba kunjenjemera pa 90

Madalaivala ambiri amene amafika pa galaja panga ndi vuto ili amakhala atagamula kale kuti injini yatha. Amati pochoka pa siteji galimoto imakhala bwinobwino, koma akangodutsa Nchalo n'kuitsegula kulowera ku Ngabu, ikafika pa 80 kapena 90 imayamba kunjenjemera. Ine injini ndimaiyang'ana pomaliza. Ndimayamba ndafunsa kuti, kunjenjemerako mukukumva pati?

Ngati kukumveka m'manja, pa chiwongolero, kayang'aneni matayala akutsogolo. Ngati kukumveka pa mpando kapena pansi popondapo, vuto lili kumbuyo.

Pa liwiro la 90, tayala la HiAce limazungulira maulendo oposa 11 pa sekondi imodzi. Mbali imodzi ikangolemera pang'ono, galimoto yonse imamva. Kuno kwathu chimene chimalemeretsa mbali imodzi nthawi zambiri ndi matope. Makande akalowa kuseri kwa limu nthawi ya dzinja amauma gwa, ndipo munthu sawaona chifukwa amatsuka kunja kokha. Ndachotsapo matope otere ndi sikuludiraiva, galimoto n'kuchira osagula kanthu. Zikapanda kutero, muone ngati timtovu ta balansi sitinagwe, ngati limu silinapindike pa dzenje, ndiponso ngati manati onse ndi omanga.

Chimene chimandiopsa ine ndi tayala lotupa. Mawaya a m'kati akalekana ndi labala, tayala limatuluka chotupa kapena limayenda mopotoka. Kwezani galimoto pa jeke, zungulizani tayala pang'onopang'ono mukulisisita ndi dzanja, mudzachimva. Loterolo silikonzeka, ndipo balansi silithandiza. Phula la M1 mu Okutobala, dzuwa litafika madigiri 40, minibasi itadzaza anthu ndi matumba, ndi pamene limaphulika. Amene mumagula matayala a kaunjika, werengani manambala anayi otsiriza pambuyo pa malemba akuti DOT: 2317 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2017. Mapanga a pa tayala akhoza kuoneka akuya labala atakalamba kalekale.

Tayala likadali m'mwamba, ligwireni uku ndi uku n'kuligwedeza, kenako pamwamba ndi pansi. Likamagwedera, tie rod end kapena ball joint (mfundo zolumikiza tayala ku chiwongolero ndi ku galimoto), kapenanso bering'i, zadyeka.

Tsopano yesani izi pa msewu wowongoka, wopanda anthu ndi njinga, osati pa mtsetse. Fikani pa liwiro lomwe imanjenjemera, ikani giya pa neutral kwa kamphindi. Kunjenjemera kukapitirira, injini ilibe mlandu. Kukamabwera mukaponda moto n'kuchepa mukachotsa phazi, lowani pansi mukagwire propshaft, chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala akumbuyo. Chimazungulira mwina kanayi tayala likazungulira kamodzi, n'chifukwa chake kunjenjemera kwake kumakhala kosalala, kolirima pansi pa mipando. Universal joint, mfundo ya kumapeto kwa propshaft, ikatha mumamvanso kuti "gu" posintha giya. Musaizengereze, propshaft ikaduka galimoto ili pa liwiro imatha kubaya pansi.

Kunjenjemera kobwera pokhapokha mwaponda buleki ndi nkhani ya ma disc, zimbale zachitsulo zimene buleki imagwira. Amene mumatsika mapiri kuchokera ku Blantyre mpaka pa Thabwa phazi lili pa buleki njira yonse, ma disc amapsa n'kusiya kusalala. Tsikani ndi giya yaing'ono.

Injini ndimaikayikira pokhapokha galimoto ikamanjenjemera itaima ndikaponda moto, ndipo apo ndimayamba ndi ma mounting, malabala amene injini imakhalapo.

Pali chizolowezi china chimene ndimadandaula nacho. Dalaivala amazindikira kuti akapyola 100 kunjenjemera kumachepa, ndiye amangowonjezera moto. Chachepa ndi chimene mukumva m'manja basi. Tayala lija likadali lotupa, ndipo tsopano likutentha kwambiri, anthu ali tho kumbuyo kwanu. Bwererani pa 60, ndipo mukafika pa Ngabu kapena pa Bangula imani mukweze jeke.