Zimene matope a ku Nyika anaulula pa mkangano wa udzu ndi nkhalango

Munthu akalowa pa chipata cha Thazima kuchokera ku Rumphi n'kukwera mpaka pamwamba pa Nyika, amayamba wadabwa ndi kusowa kwa mitengo. Timapiri tovala udzu waufupi timangotsatizana mpaka pa Nganda, nsonga yotalika mamita opitirira 2,600. Nkhalango zilipo, koma ndi timagulu tobisala m'zigwa ndi kumitu ya mitsinje, malire ake ooneka ngati wina anachita kulambula ndi chikwanje. Maonekedwe amenewa ndiwo anabala funso limene linazunguza akatswiri a zomera kwa zaka zambiri: kodi mitengo inapita kuti?

Azungu anayamba kalekale kutola zomera kumeneku. Alexander Whyte anafikako mu 1896, ndipo Leonard Brass anadzatolanso zambiri mu 1946. Ankathyola, kupanikiza pakati pa mapepala, kuumitsa, n'kutumiza kunja kuti zikapatsidwe maina. Mu 1948 boma la atsamunda linateteza kankhalango ka mitengo ya juniper, ndipo mu 1965 Nyika inakhala paki yoyamba ya dziko la Malawi.

M'zaka zonsezo ambiri ankakhulupirira kuti kale phiri lonse linali nkhalango, ndipo anthu ndiwo anaimaliza ndi moto. Umboni unkaoneka ngati ulipo. Aphoka ankasungunula chitsulo m'derali, ng'anjo zawo zakale zikadalipo, ndipo ng'anjo imadya makala ambiri. Moto wa m'chilimwe nawonso umanyambita m'mphepete mwa nkhalango chaka ndi chaka. Ngakhale J.D. Chapman ndi Frank White, amene analemba za nkhalango za Malawi mu 1970, ankaona udzu wa m'mapiri ngati chipsera chosiyidwa ndi moto. Ganizo lotere lili ndi zotsatira zake. Udzu ukatengedwa ngati chipsera, umasanduka malo oyembekezera kukonzedwa, ndipo anthu okhala pafupi amasanduka owononga. M'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linabzala paini pa Chelinda. Mu 1978 pakiyo inakulitsidwa mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000, ndipo anthu ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, kusiya minda ndi manda a makolo. Kusamutsako kunali ndi zifukwa zingapo, kuphatikizapo kuteteza magwero a madzi, koma bala lake silinapolebe m'mabanja ena a ku Rumphi ndi Chitipa.

Yankho linachokera kumalo amene alendo ambiri amangowalambalala poopa kutitimira: m'madambo.

Pamwamba pa Nyika pamazizira kwambiri, chisanu chimagwa m'miyezi ya June ndi July, ndipo madambo amakhala ndi madzi chaka chonse. Chomera chikafera m'madzi ozizira osowa mpweya sichiwola bwinobwino. Chimangoda n'kupsinjidwa ndi zinzake zofa pambuyo pake. Ndi mmene limapangikira dothi lakuda lofewa limene Azungu amalitcha peat. Limakula pang'onopang'ono zedi, kawirikawiri pafupifupi milimita imodzi pachaka, kotero mita imodzi ikhoza kusunga mbiri ya zaka pafupifupi 1,000. Chosangalatsa n'chakuti mungu wa maluwa, umene mphepo imauluza n'kugwetsera m'dambo, uli ndi chikhungwa cholimba chosawola msanga, ndipo mungu wa udzu umasiyana maonekedwe ndi wa mitengo ya m'nkhalango. Wofufuza amazika chitsulo chobowoka m'matope, amatulutsa dothi lalitali ngati mzimbe, amalidula tizidutswa, n'kumawerenga mungu m'kachidutswa kalikonse pa maikulosikopu. Zaka za dothilo amazidziwa poyeza kaboni. Ndi ntchito yolemetsa maso, yofuna kudekha kwa mayi wosankha mpunga.

Wofufuza wina dzina lake Michael Meadows anagwira ntchito imeneyi ku Nyika, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1984. Anakumba m'madambo komanso pa nyanja ya Kaulime, imene anthu a kumeneko akhala akuilemekeza kuyambira kale. Matope akale kwambiri anafika zaka pafupifupi 12,000, ndipo kuyambira pansi mpaka pamwamba mungu wochuluka unali wa udzu. Nkhalango zinkakula ndi kuchepa malinga ndi nyengo, koma palibe pamene zinakuta phiri lonse. Osula chitsulo anafika udzuwo ulipo kale kwa zaka masauzande. Mu 1993 Meadows ndi Peter Linder anafutukula mfundoyi kukhudza udzu wa m'mapiri ena a mu Africa.

Zomera zamoyo zinavomereza zimene matope ananena. Mu 2000 gulu la akatswiri a m'maiko a kummwera kwa Africa, kudzera m'ndondomeko ya SABONET, linayenda pa Nyika kutola zomera, ndipo mndandanda umene unatuluka mu 2005 uli ndi mitundu yoposa 1,800. Mwa imeneyi, yoposa 200 ndi maluwa a orchid, ndipo zambiri mwa zomera zopezeka ku Nyika kokha zimamera mu udzu, osati m'nkhalango. Zambiri zimabisa moyo wake pansi, m'mizu yonenepa, n'kuphuka moto ukangodutsa. Chomera sichingazolowere moto chotero m'mibadwo yochepa ya anthu.

Apa ndisanamizire kuti moto wa anthu ulibe mlandu. Moto wochedwa wa mu October umaphadi mitengo ya m'mphepete mwa nkhalango, n'chifukwa chake oyang'anira paki amatentha msanga udzu usanaumitsitse ndi kulambula njira zotchinga moto. Koma ndimada nkhawa ndikamva anthu akuyankhula ngati malo aliwonse opanda mitengo ndi malo odwala ofunika mbande. Ku Nyika, paini wa pa Chelinda ndiye wakhala akufalikira mu udzu, mpaka kumafunika kudulidwa. Ndipo madambo amene anasunga mungu uja ndi omwewo amene amamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje ya Chelinda, North Rumphi ndi North Rukuru, mpaka madzi ena kukafika kwa alimi a mpunga a ku Karonga m'mwezi wa October.