Kuthandiza Munthu Kuyambiranso Moyo Pambuyo pa Sitiroko

Sitiroko, imene ambiri amaitcha matenda ofa ziwalo, imachitika mtsempha wopititsa magazi ku ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo mbali ya ubongo imene yasowa magazi imawonongeka. Kwa anthu ambiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi, koma matenda a shuga, kusuta fodya ndi kachilombo ka HIV zimawonjezeranso chiopsezo, moti ku Malawi kuno matendawa amagwira ngakhale anthu amene sanafike zaka 50. Abale amaona msanga dzanja lofooka ndi mwendo wokoka, koma kawirikawiri saona kusweka mtima kwa munthu amene sakuthanso kuchita zimene ankadziwika nazo.

Bambo amene ankalima, kulipirira ana sukulu ndi kuweruza nkhani za pabanja, akayamba kusambitsidwa ndi kuperekezedwa kuchimbudzi, amadzifunsa ngati akadali mwini khomo. Mayi amene sangathenso kugwira mthiko amamva chimodzimodzi akamaona mwana akuvundula nsima pamoto umene unali wake. Chisoni chotere n'chachibadwa, ndipo wodwala asadzudzulidwe kuti alibe chikhulupiriro. Komabe, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opulumuka sitiroko amadwala matenda ovutika maganizo, ndipo amenewa amachedwetsa kuchira chifukwa wodwala amataya mtima n'kusiya mafizo ndi mankhwala. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo sakufuna kudya, sakugona bwino, akukana alendo kapena akunena kuti wasanduka mtolo kwa abale ake, muuzeni dokotala kapena namwino, pakuti matendawa amachizika ndi uphungu komanso mankhwala. Akatchula zodzipha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Thandizo limayambira pachipatala cha boma chapafupi, ndipo lapadera limapezeka ku Zomba Mental Hospital ndi ku zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Zina zimene abale amaziyesa khalidwe loipa zimachokera mu ubongo momwemo. Wodwala amatha kulira kapena kuseka popanda chifukwa, kupsa mtima msanga, kapenanso kutopa kwambiri atangogwira ntchito yochepa, ndipo uku si ulesi, si misala, komanso si ufiti. Sitiroko ikawononga mbali ya kumanzere ya ubongo, nthawi zambiri imafooketsa mbali ya kumanja ya thupi ndi kusokoneza kulankhula, koma kusowa mawu sikutanthauza kuti nzeru zatha. N'zopweteka kwambiri mlendo akafunsa wosamalira kuti, "Kodi adya amenewa?" mwini wake ali pomwepo akumva. Lankhulani ndi wodwalayo mwachindunji, mumufunse funso limodzi pa nthawi, ndipo mudikire yankho lake popanda kumumalizira mawu.

Chimene chimabwezeretsa ulemu wa munthu ndi kukhalanso ndi udindo pakhomo, osati kuchitiridwa zonse. Chifundo chomulanda ntchito iliyonse, ngakhale chichokere mumtima wabwino, chimamufooketsa thupi ndi maganizo omwe. Ngati angathe kudya yekha ndi dzanja lamphamvulo, musamudyetse, ngakhale achedwe ndi kutayira ndiwo pamalaya. Asankhe nyemba, ayang'anire nkhuku, afunsidwe maganizo pa za feteleza, ukwati wa mwana kapena ndalama za pakhomo, ndipo asabisidwe m'nyumba pamene anzake akupita kutchalitchi, kumzikiti kapena kumaliro. Okwatirana asachite manyazi kufunsa achipatala za moyo wa m'banja, chifukwa ambiri amatha kuyambiranso kukhalira limodzi.

Kuchira kumafulumira m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, koma kumapitirira pang'onopang'ono ngakhale patapita zaka, choncho mafizo ayambe msanga ndipo apitirire kunyumba. Ku Blantyre kuli chipatala cha mafizo cha Kachere Rehabilitation Centre, ndipo zipatala zazikulu zili ndi madokotala a mafizo. Wosamalira wodwala nayenso amatopa ndipo amatha kudwala maganizo, motero abale agawane masiku m'malo mosiyira mkazi kapena mwana mmodzi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi asasiyidwe ngakhale wodwala akupeza bwino, ndipo nkhope ikapindika, dzanja likafooka kapena mawu akasokonekeranso mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.